Zitsamba Zonenepa za a Mzomera

Enifa atabwerako kumaliro ku Usisya, kumene anakhalitsa, anapeza dimba lake lakuseri kwa nyumba litasanduka lachilendo. Zitsamba za mankhwala a m'mimba, zimene amayi a ku Dwambazi ankathamangira mwana akatsegula, zinali zitatalika, masamba ngati a fodya. Koma tija tonyentchera, tamasamba ang'onoang'ono, panalibe n'kamodzi komwe.

"Bambo, tating'ono tija tili kuti?"

A Mzomera, amuna ake, anayankha akusoka ukonde, kukamwa kuli mwee! "Ndinazula n'kutentha. Mbewu timasunga yonenepa, ngati chimanga. Ndathiramonso manyowa. Muzithokoza, mayi."

Kuthokoza! Munthu wa m'bwato, woti sanadzalepo ngakhale tsabola! Chibwerereni matipate aliyense wangosanduka katswiri, mpaka m'dimba la mkazi wake.

Enifa anathyola tsamba n'kutafuna. Zii! Anathyola lina, linanso, mzere wonse, koma chimodzimodzi. Tonyentchera tija ndi tomwe tinkawawa mpaka misozi, ndipo mbewu yake anachoka nayo kwa malemu mayi ake pokwatiwa. Zonenepazi ankangozisiya kuti zizitchinga mwera.

Mawa lake kunabwera Jenifa, mwana wa mchemwali wake, amene ankaphunzira zaulimi kukoleji. Enifa anamukokera kudimba asanamwe n'madzi omwe.

"Iwe wasukulu, ndichite chiyani kuti ziwawe? Ndithire phulusa? Ndizimane madzi?"

"Kuzimana madzi kungathandize ngati kuwawako kulimo kale, amayi," anatero Jenifa atalawa. "Mankhwalawo chomera chimapanga chokha, potsatira malangizo amene chinabadwa nawo m'mbewu. Tija tinali nawo. Izi zikuoneka kuti zilibe, ndiye ana ake awatenga kuti?"

"Nanga si mtundu umodzi?" a Mzomera analowerera.

"Mtundu ndi umodzi, bambo, koma chibadwa n'chosiyana."

"Basi, tikatenga tina kwanu. Nkhani yake ndi yomweyi?" anatero a Mzomera, akutembenukira kwa Enifa.

Abale inu, kwawo kuti? Pamene panali dimba la mayi ake anthu anadzalapo chinangwa kalekale, Enifa anadzionera yekha paulendo womwewu wa ku Usisya. Mtima unamuwira.

Akadali chiimire, kunafika mayi wina atabereka mwana wolefuka, maso atalowa m'kati.

"Odi, amayi! Mwanayu watsegula chiyambire dzulo. Mundithandize kamankhwala kaja."

Enifa anayang'ana masamba obiriwira aja, kenako amuna ake, amene tsopano maso anali pa ukonde basi.

"Thamangira naye kuchipatala, mwanawe," anatero Enifa. "Kuno kwangotsala ndiwo."