Tchanelo cha Ambulansi

Kamvula kowaza kanayamba m'mawa, ndipo pofika masana nkhungu inali itakuta dera lonse la Chibavi ku Mzuzu. Overtoun Mkandawire anali m'kashopu kake kokonzera mawayilesi pamene galimoto ya Herbert Nyirenda, mwini kampani ya alonda, inaima pakhomo. Herbert analowa ndi katoni, naitula patebulo.

"Monire, a Mkandawire. Ndakubweretserani odwala khumi ndi awiri."

M'katonimo munali mawayilesi a m'manja, ovaova zija amayankhulirana alonda. Iliyonse inali ndi chizindikiro cha kampani.

"Avuta chiyani?"

"Iwo sanavute, lavuta ndi boma," anatero Herbert akukutumula jekete. "Kwabwera anthu oona za mafunde a wayilesi. Agawa matchanelo mwatsopano: awa a sitima, awa a ambulansi ndi ozimitsa moto, ife ena tikalembetse athu. Mawa ayamba kuyendera makampani. Ndiye anyamata anga akhala akuyankhulira pa tchanelo cha ambulansi. Chimamveka bwino chomene, mpaka ku Msongwe."

"Ndikudziwa."

Ankadziwadi. Chaka chatha mkazi wake, Dinah, anakomoka ali kwa achibale kunja kwa mzinda, ndipo achibalewo anathamangira naye kukachipatala kakumeneko. Tsikulo mafoni sankagwira. Namwino wina, Lusungu, anayesa kuitana ambulansi pawayilesi, koma ankangomva alonda akukangana za mpira. Atawachonderera, mmodzi anati, "Mayi, dikirani, tikuwerenga zigoli." Ambulansi inafika patatha maola awiri, Dinah atatsirizika. Maliro atatha, Lusungu anamufotokozera Overtoun zonse, ndi dzina lomwe la kampani limene alondawo ankatchula. Overtoun anakadandaula kuboma, koma kumeneko anamuuza kuti mawu opita ndi mphepo si umboni. Kuchokera apo sanauzenso munthu.

"Muwasamutsire pa tchanelo cha sitima lero lomwe," anatero Herbert. "Kuno ku Mzuzu sitima inadutsa liti? Njanji timangoiona m'mabuku a ana. Akatipeza pamenepo angotikalipira. Koma akatipeza pa cha ambulansi, kampani atseka."

Overtoun anatola wayilesi imodzi, naitembenuza.

"Ambulansi ikamaitanidwa, anyamata anu amatani?"

"Amapereka mpata, si nyama ayi." Herbert anaseka. "Komanso mlengalenga ndi wa Mulungu, adada. Ndani anagulapo mphepo? Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Pajatu pamaliro a mayi aja ndinapereka galimoto yotutira nkhuni."

"Ndikukumbuka."

"Ndiye basi. Inu vuto lanu n'kusayankhula. Munthu amachita kukukamani mawu ngati ng'ombe yokalamba."

"Afikira kuti anthu oona za mafundewo?"

"Paloji ija ya ku Chiputula. Galimoto yawo ili ndi milongoti padenga ngati nungu. Bwanji?"

"Ndisakumane nawo mwangozi. Mubwere mawa m'mawa."

"Yewo chomene. Ndimadziwa kuti inu ndi munthu."

Galimoto itachoka, Overtoun anayatsa wayilesi ija. Inachita phokoso pang'ono, kenako mawu a mzimayi anamveka bwinobwino, akuitana ambulansi kuti ikatenge mwana woti wapsa ndi madzi otentha. Dalaivala anayankha nthawi yomweyo. Panalibe womudula. Overtoun anamvetsera mpaka anamaliza. Kukambirana konseko sikunathe ngakhale mphindi imodzi.

Anayesa zina zonse, imodziimodzi. Zonse zinali pa tchanelo chomwecho.

Anakhala pansi. Ankadziwa kuti kampani ikatsekedwa, alonda makumi anayi akhala pakhomo. Mmodzi wa iwo, Temwani, anali woyandikana naye nyumba, bambo wa ana atatu, amene anakumba nawo manda a Dinah. Ankadziwanso kuti kusamutsa mawayilesiwo inali ntchito ya ola limodzi, ndipo kutchalitchi anthu akanati wachita bwino. Anayang'ana zida zake nthawi yaitali, koma dzanja silinapite.

"Akawerengere zigoli kunyumba," anatero chapansipansi.

Anabweza mawayilesi onse m'katoni osasintha kanthu, nalemba pachivundikiro dzina la Herbert ndi tsiku limene Dinah anamwalira. Anakulunga katoniyo m'pulasitiki, nakhoma shopu, nakwera nayo njinga yahayala ija amati sakaramento kupita kuloji ija ya ku Chiputula.