Funso la Atsikana Oyembekezera

Mphunzitsi wa masamu, mayi wosakonda zocheza, ankachita maphunziro a digiri pa intaneti. Lachitatu lililonse ana akaweruka, ankatsala yekha m'chipinda cha aphunzitsi, pakati pa milu ya makope ndi makapu osatsuka, n'kuyatsa kompyuta ya sukulu.

Koleji inamuika m'gulu la ophunzira anayi a m'mayiko osiyana kuti afananitse malamulo a maphunziro akwawo. Awiri anangozilala mwezi usanathe. Anatsala ndi mayi wina wamagalasi, amene kwawo kunkakhala kukucha pamene kuno dzuwa linali litapendeka.

"Ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi?" Wamagalasi anadabwa tsiku lina. "Mayina awo mumawadziwa onse?"

"Ndimadziwa a olongolola okha," anatero mphunzitsi uja, ndipo anadzimva akuseka mokweza m'chipinda chopanda anthu.

Sabata yachisanu anafika pa funso lakuti: mtsikana akatenga mimba, lamulo limati chiyani?

"Kwathu amaphunzirabe mpaka tsiku lochira," anafotokoza Wamagalasi. "Kenako sukulu imamutumizira ntchito kunyumba. Nanga kwanuko?"

"Masiku ano amabwerera mwana akakulako. Kale ankangomuchotsa." Kenako mawu anayamba kutuluka okha. "Inetu anandichotsa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mwanayo analeredwa ndi mayi anga. Mpaka lero amadziwa kuti ndine mchemwali wake. Kuno palibe amene ndinamuuzapo."

Anayankhula nthawi yaitali, maso ali patebulo. Atadzutsa mutu anapeza nkhope ya mnzakeyo itauma pa sikirini, kukamwa kuli yasa. Netiweki inali itathawa kalekale.

Itabwerera, Wamagalasi anati, "Pepani mnzanga, munaduka. Ndamva mpaka poti kale ankangomuchotsa. Mumati chiyani?"

"Basi, zomwezo. Tiyeni tilembe lipoti lathu."

Lipoti lija anatumiza, anakhoza bwino, ndipo koleji inatseka gululo. Wamagalasi analemba uthenga wothokoza wa mizere iwiri, sanamvekenso.

Madzulo a tsiku limene analandira uthengawo, mphunzitsi uja anaimbira foni mwana wake, amene tsopano ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu kutawuni ina.

"Achemwali! Kwagwanji?"

"Palibe. Ndimangofuna ndikumve mawu."

"Ha, inunso! Makasitomala adzaza, ndiimbanso abwana akachoka."

Anakhala pampando foni ili m'manja, akudikira, mpaka mlonda anagogoda pawindo kuti akufuna kukhoma.