Dzira Limene Linakana Kuima

Pa tsiku la chikondwerero cha mpikisano wa mabwato osemedwa ngati chinjoka, dzuwa likafika paliwombo, aliyense kwathu ku doko la Su-ao amaimika dzira pansi. Likaima, chaka chonse ndi cha mwayi. Chaka china langa linagubuduka n'kusweka, bambo ali kutali panyanja kopha nsomba, nyengo ya namondwe itayandikira.

"Manja ngati a nkhanu!" anandiseka achimwene anga, a Chun-hao, m'kamwa mutadzaza mpunga wophikira m'masamba a nsungwi. Ataona misozi anasiya kutafuna. "Iwe Pei-shan, ukulirira dzira?"

"Ndawatsekera mwayi ababa. Akapanda kubwera, wolakwa ndine."

"Nanga dziralo limadziwa bwanji kuti lero ndi chikondwerero? Lili ndi kalendala?"

"Anthu onse amatero, achimwene."

"Anthu onsewo analiyesapo tsiku lina?"

Funso limenelo linandisowetsa mtendere. M'mawa mwake, tsiku wamba la mitambo, ndinatenga mazira a amayi n'kukhala pa simenti. Ndinkaopa, pakuti dzira likakana kuima ndiye kuti mwambo ndi woona ndipo tsoka ndaliitana ndine. Ndinaimika limodzi, linagwa. Ndinalidzutsa, linagwanso. Ndinaligwira mofatsa, ndikupuma pang'onopang'ono, kenaka ndinachotsa zala.

Linaima. Chilili, lokhalokha, popanda ng'oma za chikondwerero, popanda dzuwa.

"Achimwene! Tabwerani msanga!"

Ndinaimika lina, ndi linanso, koma pa tebulo losalala onse ankandivuta. Chifukwa chiyani? A Chun-hao anabweretsa galasi lokulitsa zinthu limene bambo amaonera mapu a nyanja. Ndinasuzumira. Chigoba chimene ndinkachiyesa chosalala chinali dziko la timapiri ndi tizigwa, ndipo dziralo linali litakhazikika pa timapiri take ngati mphika pa mafuwa. Zonsezi zinali m'manja mwanga tsiku ndi tsiku, ine osadziwa!

"Mazira anga!" anakuwa amayi pakhomo. Koma atawaona ataima pamzere, nawonso anagwada n'kupempha galasilo.

Mantha aja anali atandichoka. Dzira silidziwa nyanja, ndipo nyanja sidziwa dzira.

"Achimwene, nanga aja amalengeza za namondwe pa wailesi, amamuona bwanji asanafike?"

"Wayambatu iwe, nkhanu! Vala nsapato, tikawafunse ku ofesi yawo kudoko."