Mabuloko Amene Anafa ndi Ludzu

Ntchito za tsikulo zinali zomwezomwezo: kutunga ndowa zinayi kumjigo, kuchapa matewera, kusesa, kupita ndi mwana kusikelo poti chifuwa chinali chisanamusiye, ndipo pobwerako kutembenuza mabuloko kuti mbali inayo nayo ione dzuwa. Mabulokowo analipo mazana atatu, ataandalika pabwalo kuseri kwa nyumba. Mayi wa mwanayo ankawatembenuza limodzilimodzi, mwana ali kumsana, chifukwa m'mabulokomo ndi mmene munali banja lake lonse.

Mwamuna wake anali woumba njerwa zootcha kuyambira ali wamng'ono. Koma kwa zaka ziwiri ntchito yomanga inali itaima nji. Simenti inakwera, anthu anasiyira nyumba zawo pamawindo, udzu n'kumera m'zipinda zogona. Njerwa zake zinangokhala pauvuni mpaka kuchita ndere. Kenaka boma linalengeza kuti liyambanso kumanga zipinda za sukulu, ndipo lidzagula zomangira kwa amisiri ang'onoang'ono a m'deralo. Koma linkafuna mabuloko a simenti, osati njerwa zootcha, poti mitengo inali itatha.

Bamboyo analembetsa, ndipo anamuuza kuti ayambe ndi mazana atatu. Panalinso maphunziro aulere a masiku awiri, koma iye anangoseka. Anati anayamba kugwira chikombole ophunzitsawo akuyamwa. Mkazi wake sanatsutse, pakuti masiku awiri opanda ganyu ndi masiku awiri ogona ndi njala. Anagulitsa njinga ndi malata asanu ndi atatu amene ankasungira denga, n'kugula matumba khumi a simenti.

Nkhani inali yakuti achimwene ake a bamboyo anali atamupezera malo kumgodi wina kutali. Anagwirizana kuti mabuloko akakanidwa, anyamuka. Mayiyo ankadziwa za ulendo wotere. Mwamuna wa achemwali ake anapita konko zaka zinayi zapitazo, ndipo achemwaliwo mpaka pano amangoyang'ana kumsewu.

Tsiku loyesa mabuloko kunabwera mayi wina woyang'anira zomangamanga, atavala jombo ndi chisoti. Anapereka moni, n'kunyamula buloko limodzi kufika pachifuwa, n'kulisiya. Linangoti phwasu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anangolikanda ndi chala, mchenga n'kumayoyoka.

"Mayi, mumawathirira kangati pa tsiku?" anafunsa.

"Kuthirira? Ayi ndithu, amayi, sitinalole ngakhale dontho," anayankha mayi wa mwanayo, ndipo ananena monyadira. Anafotokoza mmene mvula ina inagwera mosayembekezeka, iye n'kuthamanga kukasolola pulasitiki ya pamphasa ya mwana kuti afunditse mabuloko. Iye ananyowa mpaka mkati, koma mabuloko anakhala ouma gwa.

Woyang'anirayo anakhala pa buloko lina, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati akupepesa maliro. Anati njerwa yadothi imaopa madzi ndipo imafuna dzuwa, zimenezo bamboyo sanalakwe. Koma simenti ndi ina. Imalimba ndi madzi. Buloko likangoumbidwa limafuna mthunzi, kufunditsidwa masaka onyowa ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri, kenaka kulisiya masabata ena atatu lisananyamulidwe. Likauma msanga padzuwa, kunja limaoneka bwino koma mkati ndi mchenga wokhawokha.

"Ndiye mukuti onsewa?" anafunsa bamboyo.

"Onse, bambo. Pansi pa khoma limeneli padzakhala ana. Mwina wanu yemweyu."

Bamboyo analowa m'nyumba, ndipo mkazi wake anamva akukoka chikwama kunsi kwa bedi. Mayiyo anayang'ana pabwalo paja: njinga, denga ndi msana wake wa masabata atatu, zonse zili mbwee, zosanduka zinyalala. Misozi siinabwere. Chimene chinabwera ndi funso lakuti mawa adya chiyani.

Woyang'anirayo asanakwere galimoto anaitanira mayiyo pambali. Anati maphunziro aja achitikanso Lachinayi, ndipo amene wawamaliza amalandira matumba asanu ndi limodzi oyambira kuchokera ku thumba la boma lothandiza amisiri ang'onoang'ono. Galimoto yotenga mabuloko idzabweranso pakatha masabata asanu. Mayiyo anayang'ana pansi n'kunena kuti sukulu anaisiyira panjira, zolembalemba zimamuvuta. Winayo anati kumeneko safunsa satifiketi, amafuna manja ndi makutu.

Madzulo ake anamuuza mwamuna wake. Iye anakana. Anati sangakakhale pabenchi ngati mwana wasukulu anthu onse atamva kale kuti mabuloko ake amaphwanyika ndi chala.

"Manyazi anuwo tiziphika, bambo ake mwana?" anatero mkaziyo. "Chabwino, khalani. Ndipita ine. Koma chikwamacho mundipatse masabata asanu musanachinyamule."

Anapita, mwana ali kumsana. Anaphunzira muyezo wa mchenga ndi simenti, kutsendera m'chikombole, ndi kuyesa buloko asanaitane aliyense. Matumba asanu ndi limodzi anabwera pa ngolo. Anayi otsalawo anawapeza atagulitsa foni yake, nkhuku zonse ndi nsalu ziwiri zimene anali asanavalepo.

Kuumba anaumba bamboyo, ali ndwii. Koma kuthirira anakusiyira mkazi wake, ati iye sangamwetse miyala. Mjigo unali kutali, ndipo ndowa zinachoka pa zinayi kufika pa khumi ndi zinayi. Amayi anzake pamzere ankamuseka kuti walima dimba la mabuloko, adzawagawireko akabereka. Iye ankasekako pang'ono, khosi likuwawa ngati lathyoka. Tsiku lachitatu anagwa ndi ndowa pakhomo penipeni, madzi onse n'kutayika. Anakhala pamatopepo osadzuka, mwana akulira kumsana. Apo ndi pamene analira.

Mwamuna wake anatuluka, anamuyang'ana, n'kutola ndowa ija.

"Amati kangati pa tsiku?"

"Kawiri."

"Lowani mukagone, amake mwana."

Kuyambira tsikulo ankatunga onse awiri. Anthu ananena zambiri poona bambo ali ndi zigubu pamzere wa amayi, koma iye anatseka makutu.

Masabata asanu atakwana, woyang'anira uja anabweranso. Ananyamula buloko kufika pachifuwa n'kulisiya. Linagunda pansi n'kudumpha, lili lonse. Anayesa ena asanu, n'kupatula makumi awiri amene anali obenthuka m'mbali. Otsalawo anakwera galimoto, ndipo woyang'anirayo anauza banjali kuti liumbe ena mazana asanu. Bamboyo anatumiza uthenga kwa achimwene ake kuti malo aja apatse wina.

Panalibe kuvina. Mayiyo anakhala pakhonde n'kuwerengera zimene zinapita. Matumba khumi a simenti anathera m'mabuloko amene tsopano akwirira dzenje la kumsewu. Njinga inapita. Malata anapita, ndipo dzinja lino adzatcherabe mabeseni m'chipinda. Foni, nkhuku ndi nsalu ziwiri zinapita. Mwana anaphonya sikelo kawiri. Msana wake mpaka lero sulola kuti awerame nthawi yaitali. Zonsezi zinalowa m'malo mwa masiku awiri a maphunziro amene sankalipiritsa kalikonse.

Choncho inu amene mukumva kuti ntchito zomanga zayambanso ndipo boma likuthandiza amisiri ang'onoang'ono, pitani mukalembetse, koma musathere pomwepo. Kaphunzireni musanatsegule thumba loyamba la simenti, ngakhale mutakhala kuti munabadwa ndi chikombole m'manja. Luso la njerwa si luso la mabuloko. Buloko la simenti liikeni pamthunzi, lifunditseni, lithirireni kawiri pa tsiku kwa sabata yathunthu. Kufunsa n'kwaulere. Kusafunsa kunadyera banja ili denga.