Masitepe a kwa Abubakar

Kuchipatala sanawabisire a Manase. BP yawo inali itakwera moopsa, ndipo adokotala anati mapiritsi okha sangathandize. Achepetse mchere, komanso tsiku lililonse aziyenda ndawala mpaka thupi litenthe. Mkazi wawo Fainess anali pomwepo, anamva ndi makutu ake. Za mcherezo anathana nazo yekha, poti mphika ndi wake. Koma miyendo ya mwamuna ungaiyendetse bwanji mwiniwake asakufuna?

A Manase anali telala. Chipinda chawo chosokera chinali pamwamba pa golosale ya a Abubakar, wamalonda wochokera ku Mangochi, m'nyumba yokhayo yosanja pa tredingi ya kufupi ndi Hara. Masitepe ake anali asimenti, okwera chakunja motsamira khoma, otsetsereka moti azimayi obwera kudzayezetsa madiresi ankafika pamwamba akutukwana chamumtima.

Mwana wawo Tusekile, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, atamva za matendawo anatumiza wotchi yowerenga mmene munthu wayendera. Kawotchi kaukazitape! Bambo akangokhala tsiku lonse, iko kankakanena pa foni ya mwanayo.

"Amama, wotchi ikuti adada sakuyenda," ankatero Tusekile akaimba.

"Wotchi imeneyo ndi yabodza," a Manase ankayankha ali chapatali, mokweza kuti amve. "Imadziwa za mumsewu basi. Masitepe amene ndimakwera tsiku lonse aja iwerenga? Kasitomala akabwera nditsike, ulusi ukatha nditsike, makala a simbi nditsike. Si majowajowa amenewo?"

Fainess sankadziwa kuti akhulupirire wotchi kapena mwamuna. Chimene ankadziwa ndi mantha ake. Mkulu wawo wa a Manase, a Gregory, anagwa ndi sitiroko m'munda wa mpunga chaka chatha, ndipo mpaka lero amangogona pamphasa, kamwa litapotokera kumbali, akazi awo akuwamwetsa phala ndi supuni. Fainess akachoka kowaona, chakudya sichinkatsika.

Anayesa kunyengerera mwamuna wake. "Awiske Tusekile, bwanji mmawa tiziyenda limodzi m'mbali mwa ngalande? Kukacha bwino, dzuwa lisanayambe ukali."

"Ine? Mkulu wa mpingo, ndizingoyenda wopanda khasu, wopanda komwe ndikupita? Anthu aziti ndazungulira mutu. Ndati masitepe akukwana."

Liuma la bambo ameneyu, abale! Fainess anamupempha Tusekile kuti akafunse odziwa. Yankho linabwera loti inde, masitepe ndi masewera olimbitsa thupi ndithu, bola munthu aziwakwera kawirikawiri mpaka mtima uzigunda, osati kamodzi mmawa basi. A Manase anaseka mpaka kuomba m'manja. Fainess naye anapumako pang'ono, nawagwiritsitsa mawu amenewo.

Komabe maso ake sanasiye kuona. Nsapato za kutchalitchi zinayamba kuwathina, anayamba kuvala patapata. Ku tredingi, kumene kale ankapita wapansi akucheza ndi aliyense, tsopano ankakwera kabaza. Akawerama kuti asambe m'manja, ankadzuka akupumira m'mwamba. Fainess akafunsa, yankho linali limodzi: "Kutentha kwa kuno, anyina Tusekile. Mwayamba liti kudabwa nako?" Iye ankadziuza kuti munthu wokwera masitepe aja tsiku lonse sangakhale wodwala kwenikweni.

Lachisanu lina a Manase anaiwala mapiritsi patebulo. Fainess anawamanga pansonga ya chitenje nanyamuka. Anali asanapiteko ku shopu kwa nthawi ndithu, chifukwa inali nyengo yokolola ndipo iye ankakhalira kumunda.

Atafika, anaima. Makina osokera aja anali pansi, pakhonde la golosale, kuseri kwa matumba a mchere. Tepi yoyezera inali pampando, yunifolomu ya sukulu itapanidwa pa singano. Eni ake panalibe.

"Mayi a Tusekile! Mwasowatu," anatero a Halima, akazi a Abubakar, akutuluka m'golosale. "Amuna anu angopita kuseriku, abwera pompano."

"Makinawa akutani pansi pano?"

A Halima anamuyang'ana modabwa. "Iii, simukudziwa? Anatsitsa kalekale, mpunga usanache n'komwe. Anati kumwamba kukutentha. Koma ine ndinawaona tsiku lina atakhala pakati pa masitepe, atagwira pachifuwa. Kuyambira pamenepo sanakwereko. Akafuna nsalu kumwamba amatuma ife. Ndimayesa munakambirana kunyumba."

Fainess anayang'ana masitepe aja. Miyezi yonseyi mtima wake unatsamira pa masitepe amene munthu sankawaponda n'komwe! Mkwiyo unabwera, koma mantha anaupitirira. Ndiye kuti sikunali kuopa kusekedwa ayi. Bamboyu ankakana kuyenda chifukwa sankatha.

Nthawi yomweyo a Manase anatulukira pangodya ya nyumba, akuyenda pang'onopang'ono. Atamuona mkazi wawo ataima pafupi ndi makina, nkhope inasintha, kenaka anaseka kuseka kosachokera mumtima.

"Ah, mwabwera? Lero ndangoti ndisokereko panja, kamphepo. Dikirani, nditenge nsalu ya lininga kumwamba."

"Awiske Tusekile, siyani."

"Ndisiye chiyani? Si ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku?"

"Ndamva zonse. Chonde, musakwere."

Koma pamaso pa a Halima, pamaso pa anthu ogula sopo amene anali atayamba kutchera khutu, mwamuna uja akanavomera? Anagwira chitsulo cha m'mbali nayamba kukwera, msana uli chilili, ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Masitepe oyambirira anawaponda mwamphamvu, patapata akulira. Fainess anaima pansi manja ali pakamwa, akupemphera mawu osamveka. Ambuye, angofika. Ayi, asafike, angobwerera. Sankadziwanso choti apemphe.

Chapakati liwiro linatha. Phazi linakwera, linzake linatsatira mochedwa. Kenaka anaima. Fainess ankaona malaya akukwera ndi kutsika pamsana, ndipo kupuma kwawo kunkamveka mpaka pansi, kokoka ngati mpope wa njinga. A Manase anayesa kukweza phazi kachiwiri, koma linabwerera pomwe linali. Anatembenuka pang'onopang'ono, nakhala pansi, dzanja limodzi lili pachitsulo, lina pachifuwa.

"Mayi Halima, galimoto!" anakuwa Fainess. "Iliyonse imene muipeze, chonde!"

Sanadziwe kuti masitepewo anawakwera bwanji. Anangozindikira atagwada pambali pa mwamuna wake, akumasula mabatani a malaya. Milomo ya a Manase inali itachita phulusa. Thupi lonse linali lozizira, lonyowa.

"Chifukwa chiyani simunandiuze? Chifukwa chiyani, inu?" Mawu ake anatuluka olira, ngakhale ankafuna kukalipa.

"Mukanada nkhawa," anatero a Manase, liwu lililonse palokha.

"Nanga pano ndikutani? Ndikuvina?"

Pansi anthu anali atasonkhana. A Abubakar anali pamsewu akuimitsa kagalimoto konyamula mpunga, akukupiza manja onse awiri. Wina anakuwa kuti awathire madzi, wina kuti asawagwedeze. Fainess sanamve zonsezo. Anatenga mkono wa mwamuna wake naukoleka pakhosi pake.

"Galimoto yaima. Tiyeni titsike, pang'onopang'ono. Tsamirani ine."

A Manase anayang'ana kunsi, kumene anachokera. Sipanali patali, mwana akanangodumpha. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, akuphethira. Kenaka bambo uja, amene chikwatirane sanapemphepo mkazi wake ngakhale kuti amugwirire nsalu, anafinya phewa la Fainess mpaka kupweteka.

"Anyina Tusekile," ananong'ona, "musanditaye. Masitepewa sindikuwaona."