Dzina la Amuna Anga

Amuna anga anatera ku Kano ndi masutikesi awiri, chimfine cha kunja ndi nkhani imodzi yokha: ku ofesi ya kazembe atiitana. Kunena zoona anaitana ine ndekha. Iwo zawo zinatheka kalekale, amayendetsa thiraki ku Amereka, ndipo chikwatiraneni tinali tisanakhalepo limodzi dzinja lathunthu. Ukwati wa pafoni umatopetsa. Mwamuna ukumuona pagalasi akutafuna buledi wouma, iwe wadya wekha tuwo wako, nsima ya kwathu kuno, kenako netiweki yathawa musanatsanzikane. Ndinali nditakwana nazo. Ndinauza mtima wanga kuti ulendo uno, zivute zitani, akamabwerera ine ndiwatsatira.

"Nkhani yake ndi yaing'ono, Mkwatibwi," anatero akumwa tiyi pamkeka. Amanditchulabe choncho ngakhale zovala zaukwati zinasuluka kale. "Akufuna aone ngati banja lathu ndi lenileni kapena logula. Akufunsa za ine, iwe uyankha. Akakhutira, pasipoti yako aisunga kuti adindemo chilolezo. Akakubwezera m'manja, basi dziwa kuti zakanika."

Kuti ndizolowere, anaitana mlongo wawo wamkulu, alamu anga a Uwani, kuti akhale mzungu wofunsa mafunso. A Uwani amagulitsa nsalu kumsika, ndipo pakamwa pawo ndi pa tsabola. Ntchitoyo anailandira ndi manja awiri. Anavala magalasi a malemu bambo awo, nakakhala m'chipinda kuseri kwa zenera la zitsulo, ine n'kundiimika panja padzuwa.

"Wotsatira," anaitana, ngakhale pamzere ponse panali ine ndi mbuzi. "Mayi, dzutsani nkhope. Kuno woyang'ana pansi timamuyesa wakuba. Amuna anu amakonda kudya chiyani?"

"Tuwo wa mpunga ndi msuzi wa masamba a mlambe. Koma ukachuluka mchere amangonena kuti akhuta."

"Amagona mbali iti ya bedi?"

"Alamu, zimenezonso?"

"Kuno kulibe alamu ako. Yankha."

"Ya kukhomo. Amati akuopa akuba, koma ndi kutentha."

Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa. Ndinayankha zonse: chipsera cha pabondo, dzina la mzinda womwe amakhala, mnzawo wogona naye nyumba imodzi, ngakhale dzino lomwe limawavuta kukazizira. Ndinayamba kudzimva. A Uwani anavula magalasi, nayasamula ngati munthu amene watsala ndi kafunso kotsekera.

"Chabwino. Dzina la amuna anu ndani?"

Ndinagwetsa nkhope.

Ine ndinaleredwa. Mkazi wa kwathu satchula dzina la mwamuna wake, ndipo mayi anga anandiuza zimenezi akundipaka hina, utoto wa akwatibwi, m'manja tsiku lomwe anandiperekeza kubanja. Ndimati Malamu, monga momwe tonse timaitanira mwamuna waulemu wake. Pamsika wathu pali wogulitsa nyama amene dzina lake ndi lofanana ndi dzina lenileni la amuna anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikumudutsa, n'kukagula nyama yamafupa kutsidya kwa msewu, kuopa kuti tsiku lina lilime lingaterereke pomuitana.

"Ndi Malamu," ndinayankha.

"Malamu uti? M'Kano muno ukaponya mwala ugenda Malamu."

"Mchimwene wanu, alamu."

"Mzungu alibe mchimwene kuno." Anatola kabuku ka kuchipatala komwe tinkayesa pasipoti, n'kukaponya panja kudzera m'zitsulo. "Zakanika. Wotsatira."

Kabukuko kanagwera m'fumbi pafupi ndi phazi langa. Anali masewera, koma mtima wanga unapweteka zenizeni.

Ndinayesa kuzemba. Ndinati ndikawalembera papepala, poti kulemba ndimatha ndipo dzanja lilibe manyazi. Amuna anga anapukusa mutu. Anati mwina azunguwo angalole, mwina ayi, koma mkazi amene akudodoma pa dzina la mwamuna wake amaoneka bwanji kwa munthu wosadziwa za kuno? Amaoneka ngati waliloweza dzulo, n'kuliiwala lero.

"Tangolinena, Mkwatibwi. Ndi dzina chabe. Kunja kuja ngakhale kamwana ka abwana kamandiitana nalo."

Apo ndiye anandiponda pachilonda.

"Dzina chabe? Inu munanyamuka n'kundisiya m'nyumba ya mayi anu. Anzanga amuna awo amabwera madzulo, amakangana, amagwirizana, ana akubadwa. Ine ndinali ndi chiyani chanu? Malaya awiri m'kabati ndi dzina limeneli. Ndalisunga osalikhudza, kuti aliyense aone kuti ndili ndi mwamuna ndipo ndimamulemekeza. Lero mukuti ndikalitaye pazenera kwa munthu wosamudziwa, ngati ndikugula tikiti ya basi?"

Anangoyang'ana m'kapu ngati muli nkhani.

A Uwani anabwezera magalasi pamphuno. "Bambo inu a ku Amereka, tabwerani pazenera. Imani apo. Akazi anu dzina lawo ndani?"

"Aa, achemwali, ine sakandifunsa."

"Ndakufunsa ine."

Anatsokomola. Anakonza chipewa. Munthu amene analemba dzina langa pa mapepala a azungu osawerengeka anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana mbuzi.

"Ndi... awa. Mkwatibwi."

"Taonani," anatero a Uwani. "Thiraki amayendetsa, koma kungonena kuti Rakiya kwamukanika. Nonse awiri ndinu mbuzi za khola limodzi." Kenako anatembenukira kwa ine, mawu atatsika. "Koma iwe mlamu, walira mvula walira matope. Ukufuna ukakhale ndi mwamuna wako, kapena ukalambe kuno ndi ulemu wakowo, akukutumizira zithunzi za chipale chofewa? Mayi akowo ukawafunsa, akuuza kuti upite."

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kulimbana nalo ndekha. Ndinkayesa posesa, milomo n'kuyenda koma mawu osatuluka. Ndinkayesa potunga madzi, ndowa n'kusefukira ndili chiimire. Tsiku lina ndinapita kuchigayo ndi mapira, ndipo makina atayamba kubangula ndinaweramira m'beseni n'kulinena. Linatuluka, pakhosi ndinalimva. Koma khutu langa lomwe silinamve, ndiye kaya tiziti ndinanena kaya ayi. Ndinabwerera kunyumba ufa uli m'nsidze, ndili wokwiya ngati wina wandibera. Pazenera la a Uwani kabuku kaja kanapitiriza kugwera m'fumbi, mpaka chikuto chinathothoka.

Tinakwera basi ya ku Lagos, komwe kuli ofesi ya kazembe, funso lija lisanayankhidwe. Amuna anga sanalitchulenso. Njira yonse ankangondipatsa madzi ndi nyama youma, n'kumandikumbutsa zinthu zomwe ndinkazidziwa kale. Ndinaona kuti ali ndi mantha kuposa ine, ndipo ndinawamvera chisoni. Nawonso ku Amereka kuja amadya okha.

Kunja kwa mpanda wa kazembe tinapeza mzere utakhota kale. Amayi ovala ngati akupita kuukwati, abambo a masuti akutuluka thukuta, aliyense atakumbatira envelopu yake ngati khanda. Mumsewu njinga zamoto za kabaza zinkalira mosalekeza. Titafika pachipata, mlonda anatambasula dzanja.

"Olowa ndi oitanidwa okha. Bambo, mukadikire kutsidya."

Amuna anga anandipatsa envelopu. Anafuna kunena kanthu, koma anangoti, "Mulungu atsogole, Mkwatibwi," n'kutembenuka.

Ndinawayang'ana akupita, msana utawerama pang'ono, chipewa chitapendekeka. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chomwe chinkanditseka pakhosi masiku onsewa. Kulinena ndinali nditatsimikiza kale, poti kubwerera ku Kano ndi pasipoti m'manja sindikanalola. Chinkandiwawa n'chakuti woyamba kulimva kuchokera pakamwa panga akhala mlendo wa kuseri kwa galasi, amene alimva n'kuyang'ana pa kompyuta, mwini wake ali panja akuthamangitsa ntchentche.

"Malamu," ndinaitana.

Anatembenuka wogulitsa tiyi, wa kabaza wina ndi nkhalamba ina ya pamzere. Iwo ayi, anali atatsikira kale mumsewu.

"Mayi, mukulowa kapena mukutsekereza anzanu?" anafunsa mlonda.

"Ndikulowa, achimwene. Dikirani ndipereke katundu kwa mwini wake."

Ndinakoka mpweya, n'kukweza mawu monga ndimachitira poitana mwana wa aneba.

"Sagiru!"

Anaima pakati pa msewu ngati wagundidwa. Wa kabaza anawakhotera n'kuwatukwana mpaka agogo awo, iwo osamva. Anatembenuka pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa. Manyazi anandigwira kuyambira kumapazi mpaka kumutu, koma nkhope sindinagwetse. Ndinawayang'ana m'maso, monga anandiphunzitsira a Uwani, kenako ndinalowa.

M'katimo munali mozizira ngati m'firiji. Mayi wa kuseri kwa galasi anali wamng'ono kuposa ine, wa nkhope yotopa, ndipo pambali pake panali womasulira. Anafunsa komwe tinakumana. Anafunsa chifukwa chake pa zithunzi za kumzikiti ine palibe, ndipo ndinamuuza kuti mkwatibwi sapita kumeneko, amamangitsa ukwati ndi abambo, iye ali m'nyumba akulira. Anamwetulira pang'ono. Kenako anafunsa dzina la amuna anga. Ndinamuuza lonse, ndi la bambo awo lomwe. Silinalemere. Mwini wake anali atalandira kale.

Nditatuluka ndinawapeza pa benchi ya wogulitsa tiyi, kapu ili yodzaza, tiyi atazizira. Anaimirira, maso ali pa manja anga. Ndinawatambasula onse awiri kuti aone bwino. Munalibe kanthu.

Anakhalanso pansi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa ankagwedezeka. Wogulitsa tiyi anayang'ana kumbali, poti nayenso analeredwa. Ndinakhala kumapeto kwa benchi n'kudikira, misozi yanga ikugwera pa nsalu yatsopano yomwe anandipatsa a Uwani.

Patapita nthawi anachotsa chipewa, natsokomola kawiri.

"Rakiya," anatero motsitsa, akuyang'ana m'kapu. "Tanenanso."

"Imwani tiyi, Malamu," ndinayankha. "Dzinalo mukalimvera ku Amereka, mukadzachedwa kubwera madzulo."