Mamita a Gende

Jenereta ya kusitolo kwa Bomai inali itayamba kale kubangula pamene mayi Dorin amamangirira nkhumba yawo pamthunzi wa khofi. Zaka ziwiri anali akuidyetsa mbatata, kuisungira tsiku limene Gende, mwana wawo mmodzi yekhayo, adzabwere kuchokera ku Australia kumene ankasewera ragibi.

"Mayi a Gende, tiyeni," anaitana amuna awo, a Kawage, ali kale pamsewu. "Nkhumbayo sithawa. Chimene chithawe ndi benchi yakutsogolo."

Lamlungu limenelo timu ya Gende inkakumana ndi timu yakwathu, n'chifukwa chake masewerowo amaonetsa pa kanema. Nkhani ya mamita nayo inali itafika kale khomo lililonse ku Kundiawa. Kochi anali atamuuza Gende mosapsatira kuti awa ndi masewero omaliza a chaka, ndipo akapanda kukwanitsa kuthamanga mamita handiredi m'bwalo, amange katundu azibwerera kwawo. Akakwanitsa, amulembanso zaka ziwiri.

Mudzi wonse unkapemphera kuti akwanitse. Mayi Dorin nawonso ankapemphera, koma pemphero lawo silinali lotchula pagulu. Ankamufuna mwana wawo, basi. Ankafuna kumumva akutsokomola kuseri kwa nyumba m'mawa, akudandaula kuti mbatata zachepa.

M'sitolo munali mutadzaza thothotho, pansi pali psuu ndi malovu a buai, mtedza wotafuna wofiiritsa m'kamwa. Mayi Dorin anakhala kumapeto kwa benchi, thumba la bilum limene ankaluka lili pamiyendo. Osewera atayamba kulowa m'bwalo, kamera inaima pa mnyamata wandevu wovala nambala teni, ndipo singano inawagwa m'manja.

"Waonda," anatero.

"Waonda?" a Kawage anaseka. "Munthu ngati thumba la khofi uyu? Maso anu akufunika achipatala, mayi."

"Inu mukuona mapewa. Ine ndikuona m'khosi."

Mpira unayamba. Mayi Dorin sankadziwa kuti ukupita kuti ndipo analibe nazo ntchito, maso awo anali pa nambala teni. Ndiye kuthamanga kwake! Apite kutsogolo akagwetse munthu, abwerere chambuyo pamzere, apitenso, abwererenso. Mtima wawo unayamba kulemera.

"Basi, handiredi ija wapitirira kale," anatero chapansipansi.

Bomai, mwini sitolo, anasuzumira pafoni yake pamene pamatuluka ziwerengero. "Eyiti, mlamu."

"Eyiti chabe? Kuthamanga konseku?"

"Sawerenga thukuta, mayi a Gende," anatero a Kawage, akusisita bondo limene anathyola pa ragibi yemweyu ali mnyamata. "Amawerenga mpira ukakhala m'khwapa. Kuyambira pamene waulandirira kufika pamene amugwetsera, ndipo chakutsogolo chokha. Akathamangira m'mbali, ngakhale akafike ku Goroka, palibe chake."

"Nanga kugwetsa anzake konse kuja?"

"Zimenezo amawerengera kwina."

Mayi Dorin anaweramira bilum yawo n'kuyamba kuluka mwachangu, kuopa kuti anthu angaone nkhope yawo. Eyiti. Mulungu awakhululukire, koma anakondwa.

Pofika nthawi yopuma Gende anali ndi fote. Kochi anamukhazika kunja. Mayi Dorin anali atafika kale patali m'maganizo. Anaona miyala ya mumu, phwando lophika m'dzenje, ikufiira pamoto, masamba a nthochi, nkhumba ija itagona pakati pa mbatata, Gende akutsika minibasi chikwama chili paphewa.

Koma kochi anamulowetsanso, ndipo mwanayo anabwera ngati wamwa tsabola. Akalandira mpira sankayang'ana kumanzere kapena kumanja. Bomai ankangolengeza ngati wogulitsa malonda: sikisite, sevente-thuu, eyite-faivi, nainte-folo. Anthu anaiwala zoti timu yakwathu ndi imene ikugundidwayo.

"Kwatsala sikisi," anatero Bomai, "koma nthawi yatha. Akaugwira kamodzi, ndi komweko."

Ndipo anaugwira. Anathamanga masitepe ochepa chabe, zimphona ziwiri n'kumukumbatira, wachitatu n'kumukwera pamsana.

"Watha," wina anatero kumbuyo. "Sanafike."

"Dikirani," anayankha a Kawage. "Kugwidwa si kugwa. Miyendo ikamayenda, akuwerengabe."

Miyendo inali ikuyendadi. Kamera inayandikira, ndipo mayi Dorin anaona nkhope ya mwana wawo: mano atalumana, mlomo ukutuluka magazi, maso ali tong'o. Nkhope imeneyo ankaidziwa. Ndi yomwe ankachita ali wamng'ono pokwera chitunda cha kumunda atasenza mbatata zomuposa msinkhu, akukana kuti amulandire. Mwanayu ankachifuna chinthuchi ndi moyo wake wonse.

Sanadziwe kuti aimirira nthawi yanji. Bilum inagwa pansi, m'malovu a buai momwemo.

"Kankha, mwana wanga! Kankha!"

Anali atagwira phewa la Bomai, akumukankha mpaka munthu anatsamira kauntala. Pa kanema mulu wa anthu anayi unasuntha, unasunthanso, kenaka unagwa.

Bomai anayang'ana foni kwa nthawi yaitali, dala, pakuti ndi munthu wokonda kuzunza anzake. "Handiredi ndi atatu," anatero.

Denga la malata linatsala pang'ono kuuluka. Amuna ananyamula a Kawage, amayi anakumbatira mayi Dorin n'kumawauza kuti anabereka. Iwo anangokhala pansi, maso pa kanema, kudikira ngati angamuonetsenso. Anamuonetsa kamodzi, chakumbuyo, akulowa m'chipinda. Kenaka panabwera malonda a mpunga.

Pobwerera kunyumba anafika pamlatho. A Kawage ndi amene anayamba.

"Ndinkadziwa chimene mumapempherera sabata yonseyi."

"Munkadziwa bwanji?"

"Munthu amene akufuna mwana akhalitse kutali sagula mchere wa mumu."

Mayi Dorin anapukuta m'maso ndi nsonga ya bilum yothimbirira ija. "Ndine ndinamudyetsa kuti akule chonchija. Walira mvula walira matope."

"Komatu mwakuwa kuposa tonse."

"Nanga ndikanatani? Anali atamukwera atatu."

Atafika pakhomo, nkhumba inadzuka n'kuyamba kulira, ikukoka chingwe. Foni ya a Kawage nayo inalira m'thumba. Anali Gende, akupuma mwabefu, kumbuyo kwake anzake akuimba, ndipo a Kawage anapatsira akazi awo foniyo.

"Amayi, munaona? Andilemba zaka ziwiri!"

"Ndinaona, mwana wanga. Mlomo uja akusoka?"

"Aa, kabala kakang'ono. Mwakondwa, amayi?"

"Ndakondwa," anatero. "Uzidya. Waonda m'khosi."

Anabweza foni, n'kukatenga mbatata m'khitchini kukathirira nkhumba. A Kawage anaima poteropo akuiyang'ana.

"Tiiphe tisangalalire kontirakiti?" anafunsa.

"Ayi," anatero mayi Dorin, akuikanda kuseri kwa khutu. "Mwini wake sanabwere."